"Ndi mnzanga": zimene nkhani ya Kenani idasiya osanena

Sabata ino ndi ine woponya nkhani, ndipo ndasankha mutu woti ena mukangoona mzere woyamba chala chiyamba kuyabwa. Ndikupempha kamodzi kokha: yambani mwawerenga mpaka kumapeto. Sindikufuna kusintha chikhulupiriro cha munthu. Funso langa ndi la kalembedwe. Munthu amene amakonda mwamuna mnzake kapena mkazi mnzake, pamalo pamene chikondi chotero chili mlandu ku khoti, tchimo ku tchalitchi ndi ku mzikiti, komanso manyazi pa banja, amakhala bwanji kuyambira m'mawa mpaka madzulo? Nanga olemba athu amulemba bwino?

Tiyambire kwathu konkuno. Stanley Onjezani Kenani ali ndi nkhani yaifupi yotchedwa "Love on Trial", imene idafika pa mndandanda womaliza wa mphoto ya Caine mu 2012. Amene simudaiwerenge, mutu wake ndi uwu. M'mudzi wa Chipiri muli chidakwa china, bambo Lapani Kachingwe. Tsiku lina adapezerera anyamata awiri m'chimbudzi, ndipo kuchokera pamenepo adasanduka munthu wofunika. Aliyense wofuna kumva zimene adaona ayenera kumugulira mowa, koma iye safika pachimake pa nkhaniyo, amangoizungulira, botolo likutsatana ndi linzake. Mmodzi mwa anyamatawo ndi Charles Chikwanje, wophunzira zamalamulo ku yunivesite. Amangidwa, aonetsedwa pa wailesi ya kanema, aweruzidwa. Maiko opereka thandizo akwiya n'kuleka kuthandiza, mankhwala m'zipatala atha, ndipo Kachingwe yemwe uja, amene ali ndi kachirombo ka HIV, asowa mankhwala otalikitsa moyo. Mnzake wina amufotokozera nthano ya khoswe amene adachenjeza tambala ndi ng'ombe za msampha, iwo n'kunena kuti sizikuwakhudza, mpaka msampha udakola njoka, njoka idaluma mayi wa pakhomo, ndipo tambala ndi ng'ombe ndiwo adaphedwa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndiyambe ndi kuyamika, chifukwa pali choyamika. Kachingwe ndi munthu wamoyo. Tonse tikumudziwa, ena timamwa naye. Kenani adaona chinthu chimene ambiri sitifuna kuvomera: mudzi umene ukuti wanyansidwa ndi womwewo umene ukulipira kuti umve zambiri. Anthu akulavula malovu uku makutu ali tcheru. Pamenepa mlembi adalasa, ndipo adalasa akutiseketsa.

Vuto langa lili pa Charles. Mnyamatayu timakumana naye makamaka pa kanema, akuyankha mafunso a mtolankhani pamaso pa anthu, ndipo amayankha ngati loya ndithu. Wamuponyera vesi, iye abweza ndi vesi. Wamuuza za chikhalidwe, iye ali nalo kale yankho. N'zokoma kuwerenga, koma mukatseka bukulo dzifunseni kuti mwamudziwa ndani. Mwadziwa mfundo zake, iye simudamudziwe. Zaka zonse asadapezereredwe ankati chiyani azakhali akamufunsa kuti mtengwa abwera liti? Ankakhala pati m'tchalitchi mlaliki akafika pa Sodomu? Anyamata anzake akamacheza za atsikana, iye ankaseka nawo kapena ankapita kukatunga madzi? Moyo wa munthu wotereyu uli m'timafunso timeneti. Kenani adatilembera tsiku limene chinsinsi chidaphulika, koma zaka zimene munthuyo adachisenza pamutu adazilumpha.

Mwina muti nkhani yaifupi siinganyamule zonse. Zoona. Komanso tikudziwa kumene nkhaniyi idachokera. Kumapeto kwa Disembala 2009, Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga adachita chinkhoswe ku Chirimba mu Blantyre, ndipo patangopita masiku ochepa adamangidwa. Mu Meyi 2010 khoti lidawagamula kukakhala kundende zaka 14, ndipo m'mwezi womwewo Bingu wa Mutharika adawakhululukira atakumana ndi Ban Ki-moon, amene nthawiyo adali mlembi wamkulu wa United Nations. Dziko lonse lidasanduka bwalo la mtsutso, ndiye n'zosadabwitsa kuti mlembi adalemba mtsutso.

Koma taonani chimene chidatayika m'phokoso lija. Nyuzipepala zakunja zinkalemba kuti awa ndi amuna awiri okondana. Za kuno zinkalembanso chimodzimodzi, kungosiyana kuti izi zinkanyoza pamene zinazo zinkamvera chisoni. Mwiniwake, Tiwonge, ankanena kuti iye ndi mkazi, ndipo anthu a m'dera lake ankamutchula kale kuti Aunt Tiwo. Omutsutsa ndi omuikira kumbuyo onse adamupatsa dzina limene iye sadadzipatse. Mtolankhani wa ku South Africa, Mark Gevisser, adamutsatira mpaka ku Cape Town kumene adakakhala pambuyo pake, n'kulemba za moyo wake m'buku la 2020 lotchedwa "The Pink Line". Mfundo yanga ndi yakuti mlandu usadafike, munthuyu adali atapeza kale kakhalidwe kake pakati pa anthu: ankagwira ntchito, ankavala chitenje, ankaitanidwa ndi dzina lachikazi. Panali kumvana kwina kosalembedwa, kosalimba inde, koma kunalipo. Kumvana kotereku ndiko olemba athu sadakufikebe.

Apa ndipamene ndikufuna tiganizire za chiyankhulo chathu. Mawu amene ambiri timawadziwa ndi akuti mathanyula, amene amati adabwera ndi anthu ochokera ku migodi ya ku Joni. Mawuwa amatchula mchitidwe, ndipo amanunkha ndende ndi chipongwe. Mulibemo chikondi, mulibe kusowana, mulibe kudwazikana. Pa wailesi amati "maukwati a amuna kapena akazi okhaokha", ngati kuti aliyense wotere akufuna ukwati mawa. Ndiye munthu akafuna kudzitchula yekha m'Chichewa, apeza kuti mawu alipowo ndi mwala womugenda nawo.

Komatu Chichewa chomwecho chili ndi khomo lakuseri limene Chingerezi chilibe. M'Chingerezi ukangoyamba kunena za wokondedwa wako, chiganizo chachiwiri chimakukakamiza kuulula ngati ndi mwamuna kapena mkazi. Ife timangoti "iye". "Wabwera." "Akudwala, ndikukamuona." "Ndili ndi munthu wanga." "Ndimakhala ndi mnzanga." Munthu atha kufotokoza za amene amamukonda kwa ola lathunthu pamaso pa amayi ake, osanama ngakhale liwu limodzi, komanso osaulula kanthu. Amayi nawo atha kumva zonse, n'kusankha kumva theka lokha. "Mnzako uja ali bwanji? Umutengereko ufawu." Kodi amayiwa akudziwa? Funso limenelo ndiye nkhani yaifupi yathunthu, abale, ndipo silingalembedwe bwino m'chiyankhulo china koposa chathuchi.

Ndikuuzeni zimene ndidaona ndi maso anga. Zaka zapitazo tidali pa maliro a mayi wina wa kuchimuna kwathu, amene adakhala m'tauni nthawi yaitali osakwatiwa. Galimoto yobweretsa thupi idabweranso ndi mayi wina amene adakhala naye nyumba imodzi zaka zambiri. Ndiye adamudwazika, ndiye ankadziwa mankhwala ake, ndiye adasunga makiyi. Pofotokoza, akuluakulu adangoti, "Awa ndi anzawo a malemu." M'nyumba ya siwa mudakhala achibale. Iye adakhala kunja, ku mafuwa, akusonkhezera moto ndi kutsuka mbale. Anthu ankabwera kudzapepesa abale, ena oti malemuyo adali asadawaone zaka khumi, n'kumudutsa iye ngati wobwera kudzathandiza kuphika. Palibe adamunyoza. Palibenso adamupepesa. Palibe adafunsa, palibe adanena. Mawu akuti "anzawo" adamulola kufika pamaliropo, ndipo mawu omwewo adamumana malo olirira. Chiwerengereni nkhani zathu, sindidakumanepo ndi mayi ameneyu pa pepala.

Kuti muone kuti zimenezi zimatheka kulembedwa, tiyeni tituluke pang'ono tipite ku Uganda. Monica Arac de Nyeko adapata mphoto ya Caine mu 2007 ndi nkhani yotchedwa "Jambula Tree", inde mtengo wa jambula womwe timaudziwawu. Wofotokoza ndi Anyango, ndipo akuyankhula ndi Sanyu, mnzake wa paubwana ku Nakawa mu mzinda wa Kampala. Awiriwa adapezereredwa usiku pansi pa mtengo wa jambula ndi mayi wina wamiseche, Mama Atim, ndipo Sanyu adatumizidwa ku London. Tsopano kwamveka kuti akubwerako. Mukuona kuti mafupa a nkhaniyi ndi ofanana ndi a Kenani: awiri okondana, wowapezerera wapakamwa, dera lonse lodya nkhaniyo. Kusiyana kwake n'kwakuti Kenani adapereka chiwongolero kwa wamiseche, pamene Arac de Nyeko adachipereka kwa wonenedwayo. Anyango satsutsana ndi munthu, satchula vesi, sadzitchula dzina lililonse. Amangofotokoza za kumudzi kwawoko, za akazi odikira amuna awo, za mmene anthu amamuyang'anira akamadutsa, za kakalata kafupi kamene Sanyu adatumiza, kokhala ndi zilembo zoyamba za maina awo. Chikondi chonse chili m'zinthu zing'onozing'ono zimenezi. Ukamaliza kuwerenga sunena kuti wapambana mtsutso ndani. Umangodzifunsa kuti Sanyu akafika, awiriwa akaonana pamaso pa anthu, apatsana moni wotani.

Nkhaniyi ndi imene Wanuri Kahiu wa ku Kenya adaitenga n'kupanga filimu ya 2018 yotchedwa "Rafiki". Tamverani dzinalo: m'Chiswahili rafiki ndi bwenzi, mnzako. Ndi khomo lakuseri lomwe lija, mawu amene okondana amabisalamo podziwitsana kwa anthu. Bungwe loona za mafilimu ku Kenya lidailetsa, ndipo Kahiu adafotokoza kuti adauzidwa asinthe mathero ake chifukwa ankapereka chiyembekezo. Khoti lidalola kuti ionetsedwe masiku asanu ndi awiri okha mu Seputembala chaka chomwecho. Ganizirani bwino pamenepa. Chimene chidavuta si kuonetsa kuti anthu otere alipo, koma kuwaonetsa osalangidwa. Nkhani imene munthu wotere amathera kundende, kumanda kapena kunja kwa dziko, aliyense amailandira, ngakhale wodana naye, chifukwa dongosolo labwerera m'malo mwake. Ndipo apa ndibwererenso kwa Kenani: Charles athera kundende, ndipo chisoni chathu chomaliza chipita kwa Kachingwe. Phunziro la nthano ya msampha ndi lakuti usazunze mnzako chifukwa mawa zikupweteka iwe. Ndi phunziro labwino, koma likutanthauzanso kuti thandizo lakunja likadapanda kuimitsidwa, kumangidwa kwa Charles sikukadakhala ndi vuto. Khoswe akufunika m'nthanoyo chifukwa cha ng'ombe basi.

Tsono ndisakunamizeni kuti kukhala chete n'kokoma. Wina angamve ngati ndikuti zonse zili bwino bola osatchula. Ayi. Chete ali ndi mtengo wake, ndipo nthawi zina amalipira ndi anthu amene sadagule nawo. Chinelo Okparanta wa ku Nigeria adazionetsa m'buku lake la 2015, "Under the Udala Trees". Ijeoma akula m'nthawi ya nkhondo ya Biafra, akondana ndi mtsikana mnzake Amina, ndipo amayi ake atadziwa amukhazika pansi tsiku ndi tsiku ndi Baibulo kuti amuwongole. Atakula akwatiwa ndi Chibundu, mnzake wa paubwana, kuti akhale monga anthu onse. Banjalo liwawa mbali zonse ziwiri. Chibundu adakwatira munthu amene mtima wake uli kwina, ndipo kukhumudwa kwake kumusandutsa wankhanza. Amene timati "angokwatira, zitha zokha", tiwerenge bukuli tili ndi mlongo wathu m'maganizo, chifukwa amene akakhale chophimbira m'banja loterolo ndi mwana wa munthu wina. Chimene ndimalikondera bukuli n'chakuti mayi a Ijeoma si mfiti ya m'nthano. Amamukonda mwana wawo, akuopa Mulungu, akuopanso anthu. Ijeoma naye sataya pemphero. Kulimbana kwake si kwa Afirika ndi azungu monga timakonda kunenera pa wailesi. Kuli pakati pa mayi ndi mwana, m'khitchini.

Za mayi ndi mwana zomwezi, kumbukirani Binyavanga Wainaina wa ku Kenya, amene adamwalira mu 2019. Mu Januwale 2014, m'mwezi umene zidamveka kuti Goodluck Jonathan wasainira lamulo lokhwima loletsa maukwati otere ku Nigeria, Binyavanga adatulutsa kankhani kamene adakatcha mutu wotayika wa buku la moyo wake. Adakalemba pawiri. Koyamba ali pambali pa bedi la amayi ake kuchipatala, akuwanong'oneza chimene iye ali. Kenako akutiuza kuti sizidachitike choncho: amayi ake ankamwalira iye ali ku South Africa, ndipo sadawauze. Munthu wolimba pakamwa ngati ameneyu, wosaopa kunyoza azungu olemba za Afirika, adatha kuuza dziko lonse koma amayi ake adawauza atagona kale m'manda. Kalembedwe kapawiri kameneka ndiko kandigwira mtima kuposa mtsutso uliwonse wa pa kanema, chifukwa kakuonetsa moyo umene munthu amakhala ndi umene amangoulota, zonse pa tsamba limodzi.

Kuti ndisamulakwire Kenani, pali chinthu chimodzi m'nkhani yake chimene ndimachiona ngati chagolide, ngakhale sadachikumbe. Mnyamata wachiwiri uja, amene adali ndi Charles, dzina lake sitilimva. Ali kwinakwake, mfulu, akumvera wailesi pamene mnzake akuweruzidwa. Mwina akugwedeza nawo mutu anthu akamatukwana. Mwina akuimba kwaya Lamulungu. Mwina chaka chamawa amupezera mbeta. Ameneyo ndiye mwini nkhani imene ndikuifuna. Charles ndi mmodzi mwa ochepa amene amafika pa kanema. Ambiri ali ngati mnzakeyo.

Ndipo zinthu sizidasinthe kwenikweni chilembedwere nkhaniyi. Gawo 153 la malamulo a milandu likadalipo ndi chilango chofika zaka 14. Mu Julayi 2023 atsogoleri a mipingo ndi a Chisilamu adatsogolera anthu kuyenda m'misewu kutsutsa maukwati otere, ndipo mu Juni 2024 khoti loona za malamulo aakulu a dziko lidagamula kuti malamulowo akhalebe. Kaya mudakondwa ndi chigamulocho kaya ayi, dziwani kuti m'khamu loyenda lija, kapena m'nyumba zimene lidadutsa, mudali ena amene ankamva dzina lawo likutchulidwa popanda kulitchula. Adabwerera kunyumba, adaphika, adadya ndi abale awo. Mlembi amene sachita chidwi ndi madzulo amenewo, kaya ali mbali iti, akuphonya ntchito yake.

Ndiye pempho langa kwa inu olemba m'Chichewa ndi ili. Musandilembere ulaliki, wotsutsa kapena wovomereza, maulaliki tili nawo okwanira. Musandilembere munthu wabwino ngati mngelo kuti timumvere chisoni, kapena woipa ngati chilombo kuti timuope. Ndilembereni chakudya cha madzulo chimodzi. Mwana wabwera kuchokera m'tauni ndi "mnzake". Amayi akukonza pogona, ndipo ayenera kusankha kuti ayale mphasa imodzi kapena ziwiri. Bambo akufunsa za ntchito, za mitengo ya feteleza, za chilichonse kupatula chimodzi. Mlongo wamng'ono waona kanthu pa foni ndipo sakudziwa kuti achite nako chiyani. Malume afika mawa ndi nkhani ya mbeta. Musalole aliyense atchule liwu lija. Tione ngati mungatifikitse kumapeto tikupuma bwino.

Nkhani ya Kenani ndiyofunika, ndipo adailemba nthawi imene ambiri ankaopa ngakhale kuyandikira mutuwu. Adatsegula chitseko chakumaso, cha khoti ndi kanema. Chakuseri, kumene kuli mafuwa ndi mayi uja wotsuka mbale, chikadali chotseka.

Amene mudawerenga "Love on Trial", kodi ndamulakwira Charles? Alipo amene adamumva ngati munthu osati ngati loya? Nanga ilipo nkhani, ndakatulo kapena sewero la m'Chichewa limene lidagwirapo mutuwu mopanda kutukwana, limene ine lidandiphonya? Nditchulireni, ndikalifunafuna. Tsutsani mmene mungathere, koma tsutsani nkhaniyi, osatchula maina a anthu a m'dera lanu. Tisakhale a Kachingwe.